Mngelo Wovala Mkuzi

Tsiku limenelo tinalipo ndife: ineyo mwini nkhani, nditavala suti yanga ya bulawuni imene inandidziwa ndisanamere mimba, a Bulazala Donato, mzungu wa ku Brazil amene ananditengera ku Nairobi, atakhala pa njinga yokankha poti miyendo inali itawakana, Mutua, mnzanga wa mtundu wa Akamba a ku Kenya amene ndinagona naye chipinda chimodzi mpaka tonse tinachita imvi, Mayi Gondwe a ku Runda, dera la anthu olemera mu Nairobi, mkulu wa kwaya ya Amalawi, amene kale tinkaonana ndi diso la nkhwezule, ndi akhristu a ku Lang'ata, odzaza tchalitchi mpaka pakhonde. Wotsiriza ndimutchula payekha chifukwa anaimanso payekha. Ameneyo ndi mwana wanga Fabiano. Anali kunja, pansi pa mtengo wa jakaranda, chipewa chaubweya chitatsikira mpaka m'khosi, atalumbira kuti phazi lake siliponda m'nyumba ya mafano.

Inali Misa yonditsanzika. Fabiano anachita kutumidwa ndi amayi ake, aNambewe, kuti adzanditenge ndibwerere kumudzi. Chifikireni anali asananditchule kuti bambo. Ankangoti "inu". "Inu, basi inyamuka liti?" "Inu, madzi osamba ali kuti?" Ine amene Nairobi yense ankandikuwira kuti Fundi, kutanthauza mmisiri, kwa mwana wobereka ndekha ndinali "inu", ngati munthu wokumana naye pachigayo. Ndinkadziwa kuti ndikakwera basi zinthu zili choncho, ndikafika ku Ntcheu ngati mlendo, ndipo ndidzafa mlendo m'nyumba imene malata ake ndinagula ndine.

Koma ndiyambe poyambira, mungandiyese wodandaula. Ine sindidandaula. Ine ndimafotokoza.

Ndinachoka kumudzi nthawi ija anthu ankanong'onezana za matipate. Ndinkamanga pa mishoni kwathu, ndipo za khoma langa musafunse. Mukaika levulo, kadontho kaja kankagona pakatikati osagwedezeka ngati kafika kwawo. Sukulu ndinalekezera pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, koma khoma silifunsa satifiketi. A Bulazala atauzidwa kuti asamukire ku Kenya kukamanga tchalitchi, anandiitana m'Chichewa chawo chopindika chija.

"Iwe dzanja yabwino, pakamwa yaikulu. Ine kufuna dzanja. Pakamwa tidzapirira."

Fabiano nthawi imeneyo anali asanayambe n'kukwawa komwe. Anabadwa ndi makutu akwathu. Ife kubanja kwathu makutu sitipempha kwa munthu: amaima m'mbali ngati zitseko za galimoto zimene aiwala kutseka. Mmawa wonyamuka aNambewe anandigwira malaya, n'kudula batani lam'munsi ndi lumo, n'kulilowetsa pa mkuzi wa mwana, kachingwe kaja timamanga makanda m'chiuno.

"Fungo la bambo ake likhale pafupi, asamalire," anatero.

Ndinawauza kuti mvula ikagwa kawiri ndabwerako.

"Inu mukayamba kucheza, mvula imagwa kangati musanamalize?" anandiyankha choncho, osaseka. Akazi ena ndi aneneri.

Ulendo unali wa basi pamwamba pa basi, Songwe, Mbeya, mpaka Namanga, matako atachita dzanzi moti ndinatsika ngati munthu wobwereka miyendo. Anatipatsa kachipinda kuseri kwa shedi ya simenti ku Lang'ata. Mbali iyi tindege ta pa bwalo la ndege la Wilson tikungodutsa pamutu, mbali iyo nkhalango ya nyama, moti m'bandakucha mkango unkabangula ine n'kuuyankha. Mutua ankati mkangowo ndiwo unkayamba kutopa. Iyeyu anali kamunthu kakafupi, kosema mitengo, kosayankhulayankhula. Anandiphunzitsa Chiswahili cha pamsika ndi kudya githeri, chimanga chophika pamodzi ndi nyemba, chimene chimatafunitsa munthu mpaka aiwale mavuto ake. Ine ndinamuphunzitsa bawo, ndipo ndikunena pano kuti sanandidyepo chilungamo. M'matatu, timabasi tawo tija, kondakitala wina atamva mmene ndinaitanira Mutua kutsidya kwa msewu anandipempha kuti ndizimukuwirako "Beba! Beba!" poitana okwera, tizigawana ndalama. Ndinamuuza kuti mawu anga ndi a ntchito ya Mulungu.

Ntchito ya Mulunguyo ndi imene inandizunguza mutu. A Bulazala anali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza zithunzi za matchalitchi akunja, ndipo nthawi ya tiyi ankazitulutsa. Nditaziona koyamba ndinafunsa ngati omangawo anali atalawa. Nsanamira zopotana ngati chitenje chimene akuchifinya. Khoma lotuluka mimba apa, n'kubwerera m'kati apo. Oyera mtima nsalu zawo zikuuluka, chonsecho m'nyumba mulibe mphepo. Kudenga ajambula mitambo moti umayesa malata asasuka, kumwamba kwatseguka. Ndiye golide! Paliponse golide, ndi tiana tonenepa tamapiko, tamaliseche, titakangamira m'makona ngati ana pa lole ya chimanga.

Kamangidwe kameneka dzina lake ndi baroko. A Bulazala ankati ena amanena kuti dzinali linachokera ku ngale yokhota imene amalonda ankainyoza. Mbiri yake, mmene anandiuzira, ndi iyi. Kalekale ku Ulaya anthu ambiri anatuluka mumpingo wathu n'kuyambitsa yawo, ya makoma oyera opanda chithunzi. Akuluakulu a ku Roma anakhala pansi. Anati anthu ambiri sawerenga, ndipo ulaliki umalowera khutu ili n'kutulukira linali, ndiye tiyeni tiwagwire maso. Munthu akangosuzumira pakhomo, khosi lipindike lokha, kukamwa kutseguke, miyendo ilowe isanafunse mutu.

Ine nditamva ndinamenya tebulo. "A Bulazala, ndiye baroko ndi ineyo! Kumeneku ndi kumanga kofuula!"

"Eya," anatero iwo, akupukuta tiyi amene ndinawatayira. "Koma iye amafuula mokoma."

Kuchoka ku Roma kamangidweka kanayenda ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala. Mafumu anasirira. Ina ya ku France inadzimangira nyumba ya magalasi ndi golide yoti ukalowamo umadziona paliponse. Ajeremani a kum'mwera anakongoletsa matchalitchi awo mpaka kuoneka ngati keke ya ukwati. Kenako baroko anakwera zombo za Apwitikizi ndi Asipanya, ulendo wa ku Mexico, ku Brazil kwawo kwa a Bulazala, ku Goa ku India, ku zilumba za Philippines kumene anachita kunenepetsa makoma poopa zivomezi, mpaka pa chilumba cha Mozambique, apa pakhomo pathu penipeni. A Bulazala ankafuna kuti asanafe amufikitsenso pa Lang'ata, ngakhale pang'ono pokha, m'katchalitchi kamodzi.

Nsanamira yoyamba inandipezetsa mlandu. Anandisiyira mafupa ake a waya, opotoka kuyambira pansi mpaka pamwamba, iwo n'kupita m'tauni kukagula utoto. Ine ndinayang'ana chinthu chija n'kumva chisoni kuti mzungu wakalamba, maso ayamba kumunamiza. Ndinawongola waya yense, n'kupaka pulasitala wosalala ngati tsaya la namwali. Atabwera anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Iwe waphera ine njoka yanga!"

Mutua anaseka mpaka anakhala pansi pa mchenga. Koma ine mpaka lero ndimati sindinalakwe. Ndani anandiuza kuti kuli dziko limene khoma lowongoka ndi mlandu? Anandionetsa njira yake: umakulunga chingwe chokhuthala kuzungulira mzati, mipata yofanana, kenako pulasitala amatsatira chingwecho. Kupotoka kumeneko kuli ndi malamulo ake okhwima kuposa kuwongoka. Nditakugwira, panalibenso wondiposa. Ndinamanganso zenera lobisika pamwamba pa guwa, kuseri kwa mitambo ya pulasitala, la galasi lachikasu. Munthu uli pansi sulioona, umangoona kuwala kukutsika, osadziwa kumene kwachokera. Ndi msampha umenewo. Aroma anali akatswiri a misampha.

Ntchito imodzi yokha ndi imene inandizunza: kumata golide. Amabwera m'timapepala topyapyala kuposa khungu la anyezi, ndipo ukangopuma mwamphamvu amauluka. Pa ntchito imeneyi ankandimanga kansalu pakamwa. Mutua ankati masiku amenewo ndiwo anali tchuthi chake.

Tsopano tifike pa angelo. Pamwamba pa guwa pankafunika tiangelo togwira mitambo ija. Poyamba pankaumbidwa kamodzi ndi dongo, kenako n'kupangira chikombole choumbira tinzake. A Bulazala manja anali atayamba kunjenjemera, Mutua ankati iye ndi wa mtengo, dongo ndi la akazi. Ndiye dongo linagwera ine. Ndinaika chithunzi cha ku Roma patsogolo n'kuyamba kutengera. Koyamba kanatuluka ngati chule. Kachiwiri ngati mkulu wa polisi wopuma ntchito. A Bulazala anabwera, n'kutenga chithunzi chija, n'kuchibwezera m'chitini.

"Iwe sunanyamule mwana wa ku Roma. Dzanja yako sidziwa iye. Unanyamula mwana wa ndani?"

Ndinangoviika manja m'madzi n'kugwira dongo. Abale anga, manja ali ndi mutu wawowawo. Chala chinapita chokha kukaboola kadzenje pa tsaya lakumanzere. Chipumi chinatuluka chokha. Timiyendo tija topindikapindika mafuta, kamchombo kotuluka panja. Pofika pa makutu sindinachite kuganiza, anangoima okha, zitseko zagalimoto zija. Ndipo poti mwana wamaliseche wopanda kanthu m'chiuno ine sindinamuonepo, ndinapota kadongo ngati chingwe, n'kumumanga mkuzi, n'kuikapo batani. Ndinalibenthula m'mphepete, monga linalili la malaya anga.

Mutua anayang'ana n'kufunsa kuti, "Huyu ni nani?" Ndiye kuti, ameneyu ndani?

Ndinati, "Ndi bwana wanga."

Tinaumba ambiri m'chikombole chimenecho, ena kuwatembenuza khosi, ena kuwakweza dzanja, koma nkhope imodzimodzi, n'kuwakweza kumwamba.

Nkhondo inabwera ndi Mayi Gondwe. Amuna awo ankagwira ntchito ku mabungwe akuluakulu akunja aja, ndipo iwo ndiwo ankasonkhanitsa Amalawi a mu Nairobi pa maliro ndi pa zikondwerero. Anabwera kudzaona poimira kwaya, n'kukweza maso, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso.

"Bambo, chimene chili m'chiuno mwa mngelo uyo n'chiyani?"

"Ndi mkuzi, mayi."

"Mkuzi! Honestly, bambo. Ife tikuyesetsa kuno kuti anthu aziona kuti Amalawi tinatsegula m'maso, inu mukutipachikira zithumwa pa guwa la Ambuye?"

"Mayi," ndinatero ine ndili pa nsanja, mawu akugunda denga n'kubwerera, "inuyo muli khanda simunavale mkuzi? Kapena munabadwira ku Runda konko, mutavala kale magalasi?"

Zinafika kwa abambo mfumu. Anthu anagawikana, ena akuti chichotsedwe, ena akuti chikhale. Ine ndinanena poyera kuti wokhudza mkuzi umenewo ayambe wagwetsa ine pa nsanja. A Bulazala sanakangane ndi munthu. Anangobweretsa chitini chawo cha mabisiketi, n'kutulutsa chithunzi cha tchalitchi lina la ku Mexico. Angelo a mmenemo nkhope zawo ndi za eni dziko, ena avala nthenga kumutu, ndipo akusuzumira pakati pa zipatso ndi zitsononkho za chimanga. Anatulutsanso za kwawo, n'kunena kuti osema ambiri kumeneko anali zidzukulu za anthu otengedwa ku Africa konkuno, ndipo oyera mtima ena anatuluka ndi nkhope za azakhali awo.

"Baroko mlendo wabwino," anatero. "Akafika pakhomo, amadya za pakhomo. Safunsa mpunga wa kwawo."

Mkuzi unakhala. Si kukhala kokha, a Bulazala analamula kuti timatepo golide. Mayi Gondwe anatha chaka osandipatsa moni, koma kwaya yawo inkaimba pansi pa tiangelo tomweto Lamulungu lililonse.

Tchalitchi litatsegulidwa anthu ankabwera kudzangoona. Amayi osowa mwana ankagwada pansi pa mngelo wapakati, wamakutu kwambiri uja, ati ameneyo ndiye amamva msanga. Apa m'pamene Mutua anaonetsa kuti kusayankhula si kupusa. Anandipempha chikombole chija, a Bulazala n'kuvomera, iye n'kukatsegula kabwalo ku Syokimau, kumene nthawi imeneyo kunali fumbi ndi mapuloti okhaokha. Anayamba kuumba angelo a simenti. Anthu omanga nyumba zatsopano ankagula awiriawiri n'kuika pa zipilala za geti. Mahotela anagula, malo a maukwati anagula, a ku Runda anafuna oika pakati pa maluwa. Amisiri ena anagula mmodzi n'kupangira zikombole zawo, enanso n'kutengera kwa amenewo. Patapita zaka ndinkati ndikakwera matatu, ndikuona mwana wanga pa geti ili, pa geti ilo, pamwamba pa shopu ya matayala, wina atapakidwa utoto wabuluu. Ndinkakuwa kuti, "Uyo ndi wanga uyo!" Anthu n'kumasuntha kundipatsa malo. Baroko anayenda pa zombo kuchoka ku Roma, koma mu Nairobi anayenda pa pikapu ya Mutua, atavala mkuzi wa ku Ntcheu.

Kumudzi ndinkapitako, musamve zonena anthu, koma mwa apo ndi apo. Ndinkatumiza za malata, za feteleza, za sukulu. Ulendo woyamba Fabiano anabisala kuseri kwa nkhokwe, madzulo n'kufunsa amayi ake kuti, "Alendowa apita liti?" Ndipo nsapato zonse zimene ndinkamugulira zinkakhala zazing'ono. Ulendo uliwonse! Ndinkati ndawonjezera, kukafika phazi landipitirira kale. ANambewe ankangozitenga n'kukapatsa ana a achemwali awo.

Mudzafunsa kuti bwanji osabwerera. Baroko alibe mawu oti basi. Ukamaliza guwa, masisitere akufuna lawo. Ukamaliza limenelo, denga likufuna mitambo ina. Komanso kutchedwa Fundi kumakoma, ndisaname. Mvula inagwa kawiri, n'kugwanso, mpaka ndinaleka kuiwerenga. Fabiano anakula, n'kulowa mpingo wina wopemphera mu tenti, umene umati chosema chilichonse ndi fano. Kusukulu ankamuseka makutu, ndiye anazolowera chipewa chaubweya, dzuwa kaya mvula.

Mafoni a m'manja atabwera, aNambewe anaimba. Sanachulutse.

"Maondo anga atha. Ndamva kuti inunso pa nsanja simukweranso. Ndatuma mwana adzakutengeni. Mukakana, musadzabwerenso ndi m'bokosi momwe."

Ndiye anafika, mnyamata wamtali kundiposa, tindevu tikumera, chipewa chili chotsikira. Ndinamulandira m'tauni ndi chisangalalo choti anthu anayesa ndewu. Iye anangondipatsa nsonga za zala. Loweruka ndinayesa kumukokera kutchalitchi kuti akaone ntchito ya manja anga. Ndinamuuza za nsanamira, za golide, za angelo anga odziwika Nairobi yense. Anandisiya ndimalize, zimene zinatenga nthawi, kenako anati:

"Ana a simentiwo munawalera bwino, ndamva kuti ngonenepa onse. Wa mnofu uja analeredwa ndi amayi."

Ndagwapo pa nsanja, ndaphwanyidwapo chala ndi njerwa, koma sindinamvepo kuwawa ngati kumeneko. Tsiku limenelo githeri anandikanika.

Tabwerera tsopano pa Lamulungu lija. Misa inatha, kwaya ya Mayi Gondwe inandiimbira nyimbo ya kwathu, anthu anandiveka nsalu yofiira ya Amasai paphewa. Ine ndikumwetulira, koma diso lili pakhomo, pa munthu woima pansi pa jakaranda. Anthu atayamba kutuluka, a Bulazala anandikoka suti.

"Kankha ine. Ndikufuna moni kwa mwana."

Ndinawakankha mpaka pamtengo paja, Mutua ndi Mayi Gondwe akutsatira. Tsono apa ndiyamike aNambewe, chifukwa mwana anamulera ndi mwambo. Fabiano ataona munthu wamkulu wa imvi akumutambasulira dzanja, anachita zimene mwana aliyense woleredwa amachita. Anawerama, dzanja lamanzere n'kugwira chipewa, n'kuvula.

Makutu aja anatuluka ngati akhala akudikira tsiku limeneli.

Mutua, munthu amene zaka zonsezi sindinamumvepo akukweza mawu, anakuwa mpaka mbalame zinauluka mumtengo. "Haiya! Malaika amekua! Hata ndevu!" Ndiye kuti, mngelo wakula, mpaka wamera ndevu.

Anthu anatembenuka. Amayi ena anagwira pakamwa. "Ni yeye! Ni yeye!" Ndi yemweyo, ndi yemweyo. Anamuzungulira, ena akuseka, ena akuitana anzawo amene anali atafika kale pa geti. Mayi wina anakankha anthu, n'kumuonetsa mwana wake wamkazi amene anamupeza atagwada pansi pa mngelo wapakati uja, akulongosola zambirimbiri m'Chiswahili, misozi ili m'maso. Fabiano anafuna kubwezera chipewa, koma Mayi Gondwe anamugwira dzanja.

"Iwe mwanawe, usabise. Ine ndaimba pansi pa mapazi ako zaka zonsezi, ndipo ndinayambana ndi bambo akowa chifukwa cha iwe. Tamwetulira ndione." Sanamwetulire, koma pokwiyapo kadzenje ka pa tsaya kanaoneka ndithu. "Ndi kameneko! Ambuye Yesu, ndi kameneko!"

Fabiano anandiyang'ana, maso ali psu. "Inu, anthuwa akundiseka chiyani? Mwawauza chiyani za ine?"

Apa ndinachita chinthu chimene a Bulazala anati ndi chozizwitsa choyamba cha tchalitchi limenelo. Ndinayankhula motsitsa.

"Sindinawauze kanthu. Yankho lili m'katimo. Sindikukakamiza."

Analowa ndi ukali, ngati munthu wokafuna amene wamujambula pakhoma la chimbudzi cha sukulu. Ine pambuyo. Anayenda masitepe angapo, n'kuima. Ndipo ndinaona ndi maso angawa zimene akuluakulu a ku Roma anapangana kalekale. Khosi linapindika lokha. Kukamwa kunatseguka. Dzuwa linali litafika pa zenera langa lobisika, kuwala kwachikasu kukutsikira pa mitambo, ndipo m'mitambomo munali iyeyo. Kumanja iyeyo, kumanzere iyeyo, pakati iyeyo atatambasula manja ngati akufuna kunyamulidwa, golide akung'anima m'chiuno.

Anaima nthawi yaitali. Kenako anasendera kufupi ndi guwa, n'kuloza.

"Icho chili pa chingwecho."

"Ndi batani."

"Labenthuka m'mphepete."

"Linabenthuka ndi chitseko cha basi ya ku Balaka, iwe usanabadwe."

"Amayi amalisunga m'kachitini ka singano," anatero, osandiyang'ana. "Ndinkafuna kuseweretsa ndili mwana, anandimenya."

Ndinati, "Chithunzi chako ndinalibe. Manja okhawa ndiwo anakusunga. Vuto lake n'lakuti m'manja mwangamu sunakule. N'chifukwa chake nsapato zija."

Fabiano sanagwade, ndipo ndisakunamizeni kuti anabwerera mumpingo wathu. Mpaka lero amapemphera kwawo komweko, ndipo tikakhala pakhonde timakangana za mafano mpaka aNambewe atithamangitse. Koma potuluka m'tchalitchi muja chipewa chinali m'thumba, ndipo sanachivalenso tsiku lonse.

Masana Mayi Gondwe anatiitanira chakudya kwawo ku Runda. Tinakwera pikapu ya Mutua, ndipo Mutua, satana wa munthu, anadzera njira yaitali dala, akuimika pa geti lililonse pamene panali mngelo n'kuliza hutala. Fabiano anangokhala chete pakati pathu, akutembenuza mutu uku ndi uku. Ine mtima uli m'mwamba, chifukwa munthu wachete sudziwa ngati akukhululuka kapena akunola mpeni.

Titalowa pa geti la a Gondwe ndinakumbuka mochedwa. Mayi amene ankati mkuzi ndi chithumwa aja anali atagula wawo kalekale, ndipo anasankha wa mtundu umene Mutua anaupangira anthu a ndalama, woima pakati pa dziwe la maluwa, wolowetsedwa paipi. Ndiye pamene tinkatsika galimoto, patsogolo pa alendo onse, Amalawi a masuti ndi akazi awo, panali Fabiano wa simenti, makutu ali chilili, mkuzi uli m'chiuno, akutaya madzi m'dziwe mosaopa munthu.

Mutua analowa pansi pa chiwongolero. Ine ndinagwira chikwama changa cha zida, chimene sindinkalola munthu wina kuchikhudza, n'kuyamba kuganiza kuti basi, ulendo wa ku Ntcheu ndiyenda ndekha.

Fabiano anazungulira dziwe lija pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati kapitawo woyendera ntchito. Mapewa anayamba kugwedezeka ndi kuseka. Anabwera pamene ndinaima, akupukuta m'maso ndi chipewa chija, n'kunena motsitsa kuti ena asamve:

"Ababa, za makutu ndakhululuka, poti ndi anu omwe munandipatsa. Koma uyu wokodza pabwalo la eni akeyu mukakangomutchula kumudzi, mubwerera kuno wapansi. Bweretsani chikwamacho ndinyamule, amayi akudikira."